Mmene tinafunsira madzi a kumusi kwa ngalande

Chaka chimene mdzukulu wanga woyamba anapeza banja, pakamwa panga panathamanga, mutu n'kutsalira m'mbuyo. Akuchimuna anabwera kudzaonekera kuchokera ku Songani uko, anthu a nsapato zopukuta, ndipo ine chimwemwe chitandikwera ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinawauza moimba kuti pa ukwati adzadya mpunga wa m'munda mwanga, wonunkhira, woyera mbuu, mpaka adzapempha mphasa zogonapo. Anaomba m'manja. Mayi ake a mnyamatayo anati andigwira mawu, adzabwera ndi njala yosunga. Ukwati anauika m'Julaye, nthawi yozizira, titakolola.

Munda umene ndinkadalirawo ndi puloti ya mu sikimu yathu ya mpunga. Madzi amachokera kumtsinje, amalowa pa geti, kenako amatsetsereka m'ngalande yaikulu kulowera kunyanja. Mapuloti ali m'magawo atatu. Pali akumtunda, pali apakati, ndiye pali ife akumusi, komalizira penipeni, kumene ukaweramuka umaona bango ndi phiri la ku Chisi litakhala phee pamadzi. Madzi amayamba apereka moni kwa aliyense asanatipeze ife.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. M'Malichi mpunga wanga unatenga mimba, ndiye kuti ngala zatupa m'kati koma sizinatuluke, ndipo nthawi yomweyo ngalande ya kwathu inauma gwa. Mpunga wa mimba ukasowa madzi umabereka mankhusu okhaokha. Nthaka inayamba kung'aluka, poyamba mng'alu wolowa chala, kenako wolowa dzanja. Ndinkaima pamzere m'mawa n'kumauyankhula mpungawo kuti pirira mwanawe, pirira, usandichititse manyazi pamaso pa anthu a ku Songani.

Woyandikana nane munda anali chinjira wanga, mnzanga wa pamtima, mayi wamasiye wamanyazi kwambiri. Pagulu mawu ake amathera pakhosi. Wake mpunga unali utayamba kale kufiira kunsonga, koma ukamufunsa ankangoti Mulungu aona.

Tsono sikimu yathu inali ndi komiti, ndipo komitiyo inali ndi kayankhulidwe kake. Tinkakumana Lachinayi lililonse mu shedi ya malata. Poyamba pemphero, kenako kolasi imodzi, ndipo woyambitsa kolasi ndinali ine kuyambira kale. Kenako alembi ankawerenga maminitsi, kenako ajenda. Munthu ukafuna kuyankhula unkaimirira n'kuyamba kuthokoza: zikomo a tcheyamani, zikomo achiwiri awo, zikomo alembi, zikomo a komiti nonse, abambo ndi amayi, ulemu wanu. Pofika pa nkhani yako mpweya watha, ndipo mtima wafewa ngati nthochi yakupsa. Madandaulo anali ndi malo ake kumapeto, pa zina ndi zina, dzuwa lili paliwombo, malata akutentha, ana akulira kumbuyo, aliyense akuyang'ana njira ya kwawo. Ukadandaula, a tcheyamani ankagwedeza mutu n'kunena kuti tamva. Tonse tinkaomba m'manja katatu, mofatsa, ndipo nkhaniyo inkagona pomwepo osadzukanso.

Analiponso akapitawo a madzi, bambo wamtali woimba besi kutchalitchi kwathu, amene ntchito yawo inali kutsegula geti ndi kuyendera ngalande. Sabata iliyonse ankaimirira n'kunena kuti madzi akuyenda bwino. Sikuti anali munthu wabodza. Kwathu kuno nkhani yoipa suigwetsa pamaso pa wamkulu pagulu ngati mtolo wa nkhuni. Umaizunguliza, umaiveka nsalu, umaikhazika pambali kuti mwini wake aione yekha. A tcheyamani akafunsa ngati pali vuto kumagawo, shedi yonse inkayankha pamodzi kuti palibe. Inenso ndinkayankha nawo kuti palibe, munda wanga uli kukamwa yasa.

Lachinayi loyamba ndinadikira zina ndi zina. Ndinaimirira, ndinathokoza onse mmodzimmodzi osaiwalapo, ndipo ndinanena kuti kumusi kuja dzuwa likuwala bwino kwambiri masiku ano, ndiponso kuti mpunga wathu wandituma ndipereke moni kwa madzi, wati wawasowa. Ndinakhala pansi ndikudzimva kuti ndalasa. Akumusi anzanga anandiyang'ana ndi maso othokoza. A tcheyamani anati tamva, mayi. Manja katatu.

Sabata inatha, madzi osaoneka. Lachinayi lachiwiri alembi anawerenga maminitsi, ndipo pa nkhani yanga analemba kuti mayi wina wa kumusi anapereka moni. Basi. Mpunga wanga ukufa, m'buku muli moni.

Apa ndiyenera kunena za a tcheyamani. Ndi msuweni wanga, mwana wa amalume anga enieni. Anagwirapo ntchito ya umesenjala pa ofesi ina m'tauni ya Zomba, ndipo atapuma anabwera ndi tayi, kabelu ka m'manja, ndi mawu a ajenda aja. Munthu wabwino, wokonda dongosolo kuposa chakudya. Tsono pa chisuweni kwathu palibe mlandu. Msuweni umamunyoza mmene ungafunire, pamaliro kapena paukwati, iye n'kukubwezera, anthu n'kumaseka. Ndinaganiza kuti m'shedi monse muno ndine ndekha amene ndingamuuze munthu uyu zoona osazunguliza. Alembi atangokhala pansi, ndinadzuka osathokoza aliyense, ndinaika manja m'chiuno, ndinaimba:

Msuweni wanga wa tayi,
tayi yafika pamchombo,
madzi sanafike kumusi.
Msuweni wanga wa belu,
belu lamveka ku Chisi,
kulira kwanga sikunamveke.

Shedi inagwa ndi phwete. Amayi anagubuduka, abambo anapukuta misozi ndi zipewa. A tcheyamani anaika belu pansi, anatuluka kuseri kwa tebulo akuvina chammbali, tayi ikuuluka, ndipo anandibwezera. Anati mkazi wangayu akulira chifukwa ndinamukana tili achinyamata, anati miyendo yanga ndi ya kakowa, anati ndikaimba achule amasamuka m'dambo. Ine ndinawauza kuti dazi lawo tingaumitsirepo matemba. Tinavina awiri pakati pa bwalo, anthu akuomba m'manja, ndipo potsiriza anandipatsa nzimbe imene wina anawabweretsera. Aliyense anapita kwawo akunena kuti msonkhano wa lero ndiye unakoma.

Ndinkayenda pamzere ndikutafuna nzimbe yanga, mtima uli m'mwamba, pamene chinjira wanga anayankhula kumbuyo kwanga, motsitsa monga mwa masiku onse.

"Achemwali, mwaimba bwino. Koma mwaimbira msuweni wanu. Za pa chisuweni ndani anazitengapo n'kupita nazo kunyumba?"

Nzimbe inasanduka thabwa m'kamwa. Ananena zoona. Mwambo umene unandilola kunena chilichonse ndi womwewo umene unalola anthu kusamva chilichonse. Ndinanena poyera kuti madzi sanafike, ndipo anthu anamva nthabwala ya asuweni awiri okalamba.

Sabata imeneyo inali yaitali. Ndinayesa kutunga pachitsime ndi ndowa, koma ndowa imodzi pa puloti ya mpunga ili ngati kulavulira pamoto wa tchire. Ngodya ya kumapeto inapsa, masamba anapotana ngati fodya. Ndiye ngati izo sizinakwane, bambo wina wogula nsomba wa pa njinga anaima pakhomo panga n'kunena kuti mayi a ku Songani akupereka moni, ati njala ija akuisamala bwino, ikukula. Ndinaseka, ndinamutuma akanene kuti aidyetse phala isafe, koma atachoka ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana kumunda.

Lachiwiri masana chinjira anabwera kudzandithandiza kusinja kampunga kotsala ka chaka chatha. Misi iwiri, mtondo umodzi, thi, thi, thi, thi. Ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamtondo imene malemu mayi anga ankaimba, ya Chilomwe, imene makolo awo anabwera nayo kuchokera kutsidya la nyanja. Ndinaiika mawu anga, ongobwera okha. Ndinaponya kuti kodi wadya lero, ndipo chinjira anayankha mu nyimbo kuti sindinadye. Ndinaponya kuti nanga ndiwo zinapita kuti, iye anati anadya mphaka wa eni. Mawu ake anatuluka onse, omveka mpaka kumsewu. Ndinaimitsa musi m'mwamba n'kumuyang'ana. Munthu uyu, amene pamsonkhano sangapemphe ngakhale malo okhala, pa nyimbo sanaphonye yankho limodzi.

Si iye yekha. Kwathu nyimbo saigwetsa pansi. Wina akaiponya umaiwakha, ngakhale munakangana dzulo, ngakhale uli ndi chimfine. Kusiya woyambitsa ali yekha m'malere ndi manyazi a gulu lonse, oposa manyazi a kunena zoipa pamaso pa wamkulu. Ndinatsitsa musi uja, thi, ndipo sindinamuuze kanthu. Ndikanamuuza, Lachinayi akanadwala mutu.

Lachinayi lachitatu anthu anadzaza, ena akuyembekeza kuti asuweni ayambanenso. Pemphero litatha a tcheyamani analiza kabelu kawo n'kunena kuti mayi wa kolasi atipatse imodzi yaifupi. Ndinadzuka mwaulemu kwambiri. Sindinayambe ndi mawu. Ndinayamba ndi manja, kuomba kwa pamtondo kuja, kenako kung'ung'udza, mpaka shedi yonse inalowa, mapewa akugwedezeka, mapazi akupondaponda fumbi. Nditaona kuti palibe amene angatulukemo, ndinaponya:

Madzi, madzi, mwagona kuti?
Madzi, madzi, mwagona kuti?

Anabwereza onse mokoma. Ndinavina kupita kumene amakhala akumtunda, pafupi ndi tebulo, n'kuwaloza ndi nsonga ya chitenje.

Akumtunda, afika kodi?

Anayankha mokondwa kuti afika, afika. Ndinaponya kuti asefukira kodi, iwo anati asefukira, asefukira, akumwetulira, osadziwa kuti akudziulula okha. Ndinatembenukira kwa apakati. Awa anayang'anana pang'ono, koma manja anali akuombabe, ndipo bambo wina anayankha kuti afika dzana, ena n'kumutsatira, afika dzana, afika dzana.

Ndiye ndinapita kumbuyo, kwa anzanga.

Akumusi, afika kodi?

Zii. Manja okha akuomba. Mpata wa yankho unadutsa wopanda kanthu, ngati dzino lochoka. Ndinaponyanso, unadutsanso. Ndinaona kuti nyimbo ikagwa apa, yagwa ndi ine, ndipo mpunga wanga wapita. Ndinavina mpaka pamaso pa chinjira wanga, ndinagwada, ndinamuponyera iye yekha, maso ndi maso. Anayang'ana pansi. Mpata utafika, kamawu kanatuluka, kowonda ngati ulusi.

"Sanafike."

Ndinaponya msanga asanathawe, kuti kuyambira liti. Anati masabata atatu. Apo akumusi onse anawakha, amayi ndi abambo, sanafike, sanafike, masabata atatu, mawu akugunda malata. Mayi wina wachikulire anaimba akulira, manja osaleka kuomba.

Sindinaime. Ndinatembenukira kwa akapitawo a madzi, amene anali atatseka maso akusangalala ndi besi yawo pansi pa nyimbo.

Akapitawo, munafikako?

Anatsegula maso mochedwa. Mpata unali utafika kale, ndipo munthu wa kwaya zaka zonsezi sakanausiya. Anayankha ndi besi yokongola, yochokera pansi pa mimba, kuti sindinafikeko. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi, kosiyana ndi kwa sabata yatha.

Anatsala munthu mmodzi. Ndinayenda pang'onopang'ono kupita kutebulo. Sindinatchule tayi, sindinatchule dazi, sindinati msuweni. Ndinagwada monga amagwadira aliyense, n'kuponya:

A tcheyamani, tipite liti?

Belu linali m'dzanja lamanzere, dzanja lamanja likumenya tebulo motsata nyimbo. Ndinaona pakamwa pawo pakukonzeka kunena mawu awo a masiku onse. Koma funso linali la tsiku, ndipo shedi yonse inali kudikira tsiku. Mpata unafika. Anaimba, ndi mawu okhota ngati a tambala wachimfine, kuti lero lomwe.

Nthungululu zinalira. Nyimbo itatha a tcheyamani anayang'ana akumusi ngati akuwaona koyamba, kenako anandifunsa, osaseka.

"Nanga masabata atatu onsewa, bwanji simunanene?"

Ndinawakumbutsa kuti ndinanena kawiri konse, anthu onsewa ndi mboni.

"Koyamba munapereka moni. Kachiwiri munanditukwana. Kunena ndiye mwanena lero."

Alembi anakweza dzanja n'kufunsa kuti zimenezi azilembe pa mutu uti, poti pa ajenda panalibe. A tcheyamani anati azilembe pamwamba, ndipo alembe mmene zaimbidwira, osazipaka mafuta. Ajenda yotsalayo inadikira. Tinatuluka tonse ndi makasu, kutsata ngalande kuyambira pa geti.

Sitinayende patali. Pa puloti yachitatu tinapeza thumba la mchenga litagonekedwa m'ngalande kuti madzi akhotere m'munda. Mwini wake anati ndi kathumba kamodzi chabe. Kutsogolo tinapeza matope owunjika, mwini wake anati ndi timatope. Aliyense anali ndi kake kamodzi, kakang'ono, kosalakwa. Chotchinga chachinayi chinali thunthu la nthochi, lalikulu bwino, ndipo linali pa puloti ya akazi awo a tcheyamani. Anthu anaima kuti aone. A tcheyamani anatsokomola n'kunena kuti ayenera kuti ndi ana a kuchikazi anachita zimenezi. Akazi awo anali pomwepo, khasu paphewa, ndipo anawakumbutsa mofatsa kuti thunthulo anasenza okha Loweruka, mpaka anadandaula msana. Msuweni wanga anavula tayi, anaipinda bwinobwino, anapatsira alembi, anakwinya buluku, analowa m'matope n'kulizula yekha. Ine ndinatseka pakamwa ndi chitenje. Mawu a chisuweni anali atadzaza m'masaya, koma tsiku limenelo ndinawameza onse.

Pomwepo pamzere, titaimirira, tinagwirizana kuti akumtunda ndi apakati atseke minda yawo masiku atatu. Panalibe wothokoza komiti, panalibe woomba m'manja katatu. Munthu ankangonena, wina n'kuyankha.

Madzi anatipeza mawa lake dzuwa litakwera. Ankabwera pang'onopang'ono, akukankha zinyalala kutsogolo, akuima pa mng'alu uliwonse kuti aumwetse, kenako n'kupitirira. Ndinakawachingamira kwa apakati n'kumayenda nawo pambali, phazi ndi phazi, ndikuwaimbira ngati mkwatibwi. Atalowa mu puloti yanga nthaka inalira kuti tsi, tsi, tsi, ndipo fungo linakwera la mvula yoyamba. Chinjira anakhala pamzere, mapazi m'madzi.

Kuyambira pamenepo misonkhano yathu inasintha, ngakhale sinasinthe tsiku limodzi. Mkulu wina wa mpingo anadandaula kuti kolasi ya pambuyo pa pemphero ndi ya Mulungu, si ya ngalande, ndiye tinagwirizana kuti tiziimba ziwiri, ya Mulungu poyamba. Nyimbo yofunsa inakhazikika. Lero amaiyambitsa ena, ndipo amafunsa za mbewu, za mbalame, za ng'ombe zolowa m'minda. Kuthokoza kuja kunafupika kokha, poti munthu amene waimba kale kuti sanafike sachitanso manyazi kunena ndi pakamwa. A tcheyamani akaiwala n'kunena kuti tamva, amayi a kumbuyo amafunsa pamodzi kuti liti, ndipo ndani. Ena anaphunzira kunama moimba, poti munthu ndi munthu. Akapitawo akayankha kuti ndinafikako, timawauza akweze phazi tione matope.

Mpunga wanga sunapulumuke wonse. Ngodya ya kumapeto ija, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, inabereka mankhusu, ukapeta onse n'kuuluka. Wotsalawo unacha bwino, wonunkhira mpaka kunjira. Nditauyang'ana m'matumba ndinadziwa kuti sukwana ukwati wonse. Chinjira anabwera ndi dengu limodzi la wake pamutu, analitsitsa pakhonde, anati ndisayankhule.

Tsiku la ukwati tinaphika wonse. Tinayamba kugawira akuchimuna, mbale zodzaza mpaka kugwa m'mbali, kenako alendo a kutchalitchi, kenako a ku sikimu. Mayi a mnyamata anadya mbale yoyamba, anapempha yachiwiri, ndipo ndinawakokotera m'mphika womaliza ndikumwetulira ngati kuseri kuli ina khumi. Atamaliza anatsamira khoma, anapuma kwambiri, n'kuuza anzawo kuti mwana wawo wakwatira kwa anthu osunga mawu. Ife eni khomo, ine ndi chinjira ndi ana anga aakazi, tinakhala kuseri kwa khitchini pa mitondo yogoneka, tikudya chinangwa chophika ndi mchere. Mpunga wa ukwati umenewo sindinaulawe ngakhale njere imodzi. Ndinatsuka m'manja, ndinamanga chitenje, ndinapita kukavina.